Classic Motor Show ya ku NEC Birmingham: pitani ndi tochi komanso nambala ya chasisi

Nyenyezi 4 mwa 5.

Chionetsero cha magalimoto akalechi chimachitika chaka chilichonse mu November ku NEC (National Exhibition Centre), malo aakulu a zionetsero kunja kwa mzinda wa Birmingham ku Britain, kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu. Chinayamba mu 1984, ndipo masiku ano mumakhala magalimoto pafupifupi 3,000 ndi makalabu oposa 300 a eni magalimoto akale. Zonse zimachitikira m'maholo, choncho mvula ndi chisanu cha nyengo imeneyo sizikukhudzani. Kufikako n'kosavuta: tsikirani pa siteshoni ya Birmingham International, yomwe ndi yolumikizana ndi maholowo, kapena patukani pa junction 6 ya msewu wa M42. Matikiti gulani pa intaneti tsiku lisanafike, ndipo ngati mungathe sankhani Lachisanu, chifukwa Loweruka anthu amachita kuthinana moti kugwada pansi kuti muone kunsi kwa galimoto kumavuta. Valani nsapato zofewa. Pansi ndi pa konkire ndipo mukhala chilili tsiku lonse.

Phindu lenileni la tikiti lili pa masitandi a makalabu. Pambali pa Morris Minor, MGB, Mini kapena Ford Escort Mk1 pamakhala mwini wake, nthawi zambiri bambo wachikulire yemwe anaimasula yekha mpaka bawuti yomaliza. Mukawafunsa mwaulemu amakutsegulirani boneti n'kukulozerani pomwe galimoto ya mtunduwo imayambira kuola. A MGB adzakuonetsani zitsulo za m'munsi mwa zitseko, zomwe zimadyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo ndi zomwe zimalimbitsa bodi yonse. A Land Rover adzakuuzani kuti bodi ya aluminiyamu isakupusitseni: chomwe chimafa ndi chasisi, makamaka chitsulo chopingasa cha kumbuyo, ndi khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala. Nzeru zoterezi simungazipeze pa chikwangwani. Musagwire penti kapena kutsamira galimoto musanapemphe, ndipo samalani zipi ya jekete ndi lamba wa chikwama.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha vuto la chionetsero chilichonse cha m'nyumba: magalimoto ambiri amangoima duu, injini zili zii. Simumva ngati injini ikugogoda, simuona utsi, simudziwa ngati giya yachiwiri ikudumpha. Magetsi a m'holo nawonso amakometsa penti mopitirira. Izi zilibe kanthu kwa wongoona, koma kwa wofuna kugula, kaya kwa madilala kaya pa okushoni yomwe imachitikira pomwepo, n'zoopsa. Tengani tochi yaing'ono, muwalitse chammbali motsata chitseko osati molunjika. Mafunde a fila, phala lomwe amamata pobisa pophwanyika kapena padzimbiri, amaonekera pomwepo. Yang'anani mipata ya zitseko ngati ili yofanana pamwamba ndi pansi. Maginito okutidwa ndi kansalu amathandiza kudziwa pomwe pali fila wochindikala, koma mwini avomere kaye, ndipo sagwira pa aluminiyamu kapena pa fayibala. Suzumirani pansi: thireyi kapena katoni yoyalidwa kunsi kwa injini ikuuzani komwe oyilo akudonthera. Pa okushoni kumbukirani kuti pamwamba pa mtengo womwe mwapambana nawo pamabwera ndalama ya ogulitsa ndi VAT yake.

Magalimoto osinthidwa ndi omwe amakopa achinyamata: denga lodulidwa n'kutsitsidwa, masipuling'i ochotsedwa n'kuikapo matumba a mpweya kuti galimoto izikhala pansi ikaima, injini ya Rover V8 ya malita 3.5 yolowetsedwa m'kagalimoto komwe sikanabadwe nayo, ndi ena ochotsedwa injini n'kuikidwa mota ya magetsi. Ntchito yabwino imadziwika ndi kuwotcherera kosalala, mawaya oyenda mwadongosolo komanso mabuleki okwezedwa mofanana ndi mphamvu ya injini. Mukaona injini yaikulu koma mabuleki ali a dramu akale omwe aja, dziwani kuti ndalama inathera pa zooneka ndi maso. Funsaninso za mapepala. Ku Britain galimoto yopitirira zaka 40 ikhoza kulembetsedwa ngati yakale, osalipira msonkho wa pamsewu komanso osakakamizidwa kupita ku MOT, komwe amayeza chaka chilichonse ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, koma ngati inasinthidwa kwambiri chasisi, injini kapena ma ekisero m'zaka 30 zapitazi, MOT imafunikabe. Ambiri amagwa m'mbuna pamenepa.

Msika wa masipeyala, womwe amautcha autojumble, yambani nawo m'mawa zinthu zabwino zisanathe. Kwa amene ali ndi Land Rover yakale kumudzi ku Malawi kapena ku Zambia, apa ndiye pofunika, poti chiwongolero chili mbali imodzi ndi kwathu ndipo zida zambiri zimalowa popanda kusintha. Koma musagule ndi maso okha. Lembani nambala ya chasisi ndi ya injini, jambulani chida chakalecho mbali zonse, ndipo muyeze. Series IIA ya 1961 mpaka 1971 ndi Series III ya 1971 mpaka 1985 zimafanana poziona, koma giya bokosi, kilatchi ndi dashibodi n'zosiyana. Mabawuti a magalimoto akale a ku Britain ndi a mainchi, ena a Whitworth kapena BSF, ena a UNF. Mukakakamiza nati ya mamilimita mupha mazinga. Ngati muona masipanala a Whitworth otchipa, tolani, chifukwa amasowa.

Zida zamagetsi zimafuna funso limodzi musanatulutse ndalama: galimoto yanu waya wopita ku bodi amachokera ku pozitivu kapena ku negativu ya batire? Magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi a pozitivu, ndipo wailesi kapena pampu ya petulo yamakono yolumikizidwa mosemphana imapsa nthawi yomweyo. Za labala nazo musatengeke ndi bokosi lakale losatsegula. Mapaipi a mafuta ndi masilo a mabuleki omwe akhala pa shelefu zaka makumi amakhala atauma, ndipo petulo wa E10, wosakaniza ndi ethanol, yemwe analowa pa mapampu a ku Britain mu September 2021, amadya labala wakale komanso kuyamwa chinyezi m'thanki. Gulani mapaipi atsopano olembedwa kuti amapirira ethanol. Zakale zoyenera kugula ndi zachitsulo: makabuleta a SU, mabaji, magalasi a nyali ndi mabuku a makaniko.

Ogulitsa ena ang'onoang'ono amakonda ndalama ya pamanja, ndipo Lamlungu masana amatsitsa mitengo posafuna kubwerera ndi katundu wolemera. Funsani ngati angakusungireni chomwe mwagula mpaka madzulo. Kuzungulira maholo mutanyamula sitata mota kukuthetsani mphamvu musanaone theka la magalimoto.