AutoDock Vina pa laputopu kapena SwissDock pa intaneti?

Kwa amene mukuyamba docking kuno ku Kasungu, zija zoyesa pa kompyuta ngati kamolekyu kangakhale bwino m'kamphako ka puloteni, monga momwe dolutegravir, mankhwala a mu ma ARV a TLD, amagwirira puloteni ya HIV yotchedwa integrase.

Pulogalamu ya Vina idatuluka mu 2010 ku Scripps, bungwe la risechi la ku America, mumaika pa laputopu yanu. SwissDock ndi ya ku Switzerland, ntchito imachitikira pa makina awo.

Mtengo: zonse ndi zaulere, koma SwissDock imafuna bandulo nthawi zonse mukamatumiza ntchito kapena kuona zotsatira, Vina mukadawunilodi puloteni ku Protein Data Bank (webusayiti yosunga mafayilo a mapuloteni) basi mwathana nazo.

Magetsi: apa Vina imapweteka, ine laputopu inandithimira pakati ndikuyesa mamolekyu usiku, batire nalo lotha kale, m'mawa kuyambiranso. SwissDock olo athime zotsatira mukazipeza.

Kuphweka: SwissDock mumangodina. Vina muzilemba ma command, kukonza mafayilo a pdbqt (mtundu umene Vina imawerenga), kuyika bokosi loonetsa Vina pofufuza pamalo enieni pa kamphako, mukaphonya pamenepo manambala amabwerabe ooneka bwinobwino koma abodza.

Kuchuluka: mamolekyu mazanamazana ndi Vina, SwissDock mutopa n'kutumiza.

Wa asayimenti ya mamolekyu awiri atatu, SwissDock yakwana. Wa risechi amene ali ndi sola kunyumba, phunzirani Vina.