Part time ya IGCSE pa Kamuzu Road: amaphunzitsa bwino koma funsani kaye za Core ndi Extended

Makolo anzanga amene mwakhala mukufunsa za part time ija yophunzitsa IGCSE kuno ku Salima cha pa Kamuzu Road, mwana wa achemwali anga wamaliza kumeneko ndipo fizi ndimalipira ndine, ndiye ndikuuzeni mmene ndaionera. Aphunzitsi ake ntchito amaidziwa zedi, vuto lili ku ofesi, samakuuza zonse tsiku lolembetsa.

Kwa amene simukuidziwa, IGCSE ndi mayeso a Cambridge a ku England, si a MANEB ayi. NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, ikamaitana ofuna malo ku mayunivesite a boma, kaya UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, imalandira MSCE komanso IGCSE, bola pakhale makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku IGCSE kirediti imayambira pa C kukwera mpaka A*. Kamuzu Academy ku Mtunthama ana ake amalemba omwewa. Ndiye si satifiketi yachinyengo ngati mmene ena amanenera mu minibasi.

Kaphunzitsidwe kokha ndawavulira chipewa. Mwana wathuyu anazolowera kuloweza manotsi, funso likangotembenuzidwa pang'ono basi wasokonezeka, koma kumeneko sabata iliyonse amawapatsa ma past paper kenako amawaonetsa mark scheme kuti aone okha pomwe malikisi amachokera, kuti funso likati explain akufuna chifukwa, likati state ungotchula basi osataya nthawi kulemba ndime yonse. Loweruka amalemba pepala lathunthu wotchi ili pakhoma. Aphunzitsi a masamu ndiye munthu wodekha bwanji, mwana akalakwitsa samukalipira, amamuuza afotokoze mmene anaganizira mpaka apeze yekha pomwe waphonya. Kalasi ndi yaing'ono moti ukajomba amaimbira foni kunyumba tsiku lomwelo. Labu alibe, ine ndinada nkhawa nazo poyamba, koma ku Biology, Chemistry ndi Physics kuli pepala lotchedwa Alternative to Practical lomwe umayankha za ma experiment polemba, ndipo amaliphunzitsa mwachidwi, kujambula ma graph, kuwerenga sikelo, zonsezo.

Tsopano chomwe chinandiwawa. Masabujekiti ngati masamu ndi sayansi ali pawiri, Core yomwe ndi yopepukirako ndi Extended yomwe ndi yozama. Wolemba Core ngakhale akhoze funso lililonse sangapose C, A ndi B zili ku Extended kokha. A pa part time-yi ana amene akuwakayikira amangowaika ku Core osakambirana ndi makolo, mwina pofuna kuti chiwerengero cha okhoza chioneke bwino, ife tinadziwira kwa mwana nthawi yolembetsa mayeso itayandikira ndipo tinachita kukakamira kuti masamu ndi Biology alembe Extended. Tangoganizani mwana akufuna unamwino kapena uinjiniya, malo ndi ochepa, akupikisana ndi anzake a MSCE a mapointi 9 kapena 12, iyeyo wanyamula ma C okhaokha, inde kirediti ndi kirediti koma posankha amayang'ana amene wakhoza kwambiri. Nkhani ngati imeneyi imafunika kholo, mwana ndi mphunzitsi akhale pansi mwezi woyamba, osati kuimva mochedwa chonchi. Amene ana anu ali kumeneko pitani mukafunse mawa lomwe.

China ndi ndalama. Fizi ya part time payokha ndi yopiririka, koma mayeso amalipiritsa pa sabujekiti iliyonse ndipo mtengo wake umatsatira ndalama yakunja, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense anaona mmene zolipira kunja zinakwerera. Ukachedwa kulembetsa pali chindapusa pamwamba. Malowa si senta ya mayeso, ana amalembetsa ngati ma private candidate kudzera ku British Council ndipo wathuyu amakalembera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, komanso mapepala samabwera motsatizana, lero pepala limodzi lina sabata yamawa, ndiye ngati mulibe m'bale ku Kawale kapena ku Area 25 woti amusunge muwerengeretu thiransipoti ndi malo ogona. Izi pa pepala lawo la fizi palibe.

Dziwaninso kuti Chichewa ku IGCSE kulibe, ndipo ana ambiri kuno ndi sabujekiti yomwe imawatsitsira mapointi, ndiye masabujekiti 6 aja musankhe mosamala. Mayeso amalembedwa kawiri pachaka, Meyi mpaka Juni zotsatira mu Ogasiti, Okutobala mpaka Novembala zotsatira mu Januwale, izi ndi zabwino chifukwa wolakwa sabujekiti imodzi sadikira chaka chonse. Zipinda zophunziriramo ndi za malata opanda siling'i, kutentha kwa Salima mu Okutobala mukukudziwa, masana ana amangoodzera, mafani awiri okha angathandize kwambiri. Mabuku ambiri ndi mafotokope.

Kodi ndingatumizenso mwana wina? Eya, ngati Chingerezi chake chili bwino, ndi wolimbikira ndipo ndalama ya mayeso ndayamba kusunga chaka chisanayambe. Koma amene anangophonya kirediti imodzi kapena ziwiri pa MSCE asavutike kuyamba silabasi yachilendo, akabwereze Fomu 4 ku open pompano, alembera kuno konkuno pa mtengo wochepa kwambiri. Mukapita kukalembetsa muwauze akulembereni papepala masabujekiti onse, Core kapena Extended pa iliyonse, tsiku lotseka kulembetsa ndi komwe mwana akalembere, musanapereke kobiri.