Saifoni ndi mabotolo, kapena keg: okosijeni amalowera pati?

Pofulula mowa, yisiti amafuna okosijeni tsiku loyamba lokha, madzi a chimera akangozizira. Mowa ukatha kuwira, mpweya womwewo umauwononga: mtundu umadera, fungo la hops (maluwa opatsa mowa fungo ndi kuwawa) limathawa, ndipo pakamwa umamveka ngati katoni yonyowa. Ngozi yaikulu ili pousamutsa kuchoka m'chidebe chomwe unawiriramo kupita m'mabotolo kapena mu keg, thanki yachitsulo yotsekeka yosungiramo mowa.

Saifoni (payipi yokokera mowa) ndi mabotolo ndi njira yotchipa, ndipo vuto lake limaoneka ndi maso. Mukaona timathovu tikuyenda m'payipi, mwina labala ya saifoni yatha kapena payipi sinagwire bwino polumikizira. Imani kaye, mangani polumikizirapo kapena sinthani saifoniyo. Payipi ifike pansi penipeni pa botolo, mowa uzikwera mwakachetechete osagavira. Siyani mpata wa masentimita 2 mpaka 3 kukhosi kwa botolo. Shuga wa magalamu 6 pa lita, wothiridwa podzaza mabotolo kuti mowa ukhale ndi gasi, amadzutsa yisiti, yemwe amadyako okosijeni wotsalamo. Amadyako chabe, samumaliza.

Keg imatchinga mpweya bwino kwambiri mukaikonza moyenera. Kungopoperamo gasi wa CO2 wochokera mu silinda n'kutulutsa kangapo kumasiyabe okosijeni. Dzazani keg ya malita 19 ndi madzi a mankhwala ophera tizilombo, monga Star San, mpaka kukamwa, kenako akankhireni kunja ndi CO2. Mukatero, kankhani mowa kuchoka m'chidebe chowiriramo ndi mphamvu ya 2 kapena 3 psi (muyeso wa mphamvu ya gasi), ulowere mu keg pa khomo la mowa, osati la gasi. Chidebe chagalasi musachipopere gasi, chimaphulika.

Koma keg imalephera mobisa. Kalabala kamodzi kong'aluka pa chivindikiro kangathe kumaliza silinda yonse usiku umodzi. Pakani madzi a sopo polumikizira paliponse. Pochita thovu m'pamene pakutuluka gasi. Timalabala tapadera tizikhalapo nthawi zonse.

Msampha wina umagwira onse awiri. Mukatsitsa mowa kuchoka pa 20°C kufika pa 2°C kuti nsenga zikhale pansi, gasi wa m'chidebe amafota, ndipo chidebecho chimayamwa madzi a mu airlock (kachipangizo ka pa chivindikiro kotulutsa gasi koma kotchinga mpweya) pamodzi ndi mpweya wakunja. Baluni yodzaza CO2 yomangidwa pamalo pa airlock imathetsa zimenezi.

IPA, mtundu wa mowa wa hops wambiri, m'mabotolo imatha kudera pa milungu yochepa, choncho imeneyo ipite mu keg. Stout kapena porter (mitundu ya mowa wakuda), wodzaza mosamala, amakhala bwinobwino m'mabotolo miyezi ingapo, ndipo kuigulira silinda n'kutaya ndalama.