Nyali za mabatire pa mtengo wa Khirisimasi wa timu ya ana: zabwino, koma chenjerani ndi taima

Ku Britain, Disembala akamayandikira matchalitchi ambiri amachititsa chionetsero cha mitengo ya Khirisimasi. Sukulu, masitolo ndi matimu a mpira a ana amakongoletsa mtengo wawowawo, anthu amalipira pakhomo kapena kuponya ndalama m'ndowa, ndipo ndalamazo zimathandiza ovutika ndi ntchito za mpingo. Ku tchalitchi cha St Mary's m'tauni ya Melton Mowbray mitengo inapitirirapo 1,000. Pamalo otere masoketi sakwana, n'chifukwa chake makolo ndi makochi amagula nyali za LED zoyendera mabatire.

Zomwe tikuunika pano ndi zija za timababu 100, chingwe cha mamita pafupifupi 10, ndi kabokosi kolowa mabatire atatu a AA. Pa mtengo wa mamita 1.2 chingwe chimodzi chimakwana. Wa mamita 1.8 umafuna ziwiri, apo ayi m'munsi mumakhala mdima. Sizitentha, choncho timajezi ta nsalu ndi timipira ta pepala topangidwa ndi ana sitingapse. Pamenepa tikuziyamikira ndi mtima wonse.

Vuto lalikulu ndi taima, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pakokha. Zambiri zimayaka maola 6 n'kuzima maola 18, kuwerengera nthawi yomwe mwadina batani. Mukayatsa 10 koloko m'mawa pamene chionetsero chikutsegulidwa, zizima 4 koloko madzulo. Ku England mu Disembala dzuwa limalowa nthawi yomweyo, ndipo ndi pomwe anthu ochokera kuntchito ndi kusukulu amadzaza tchalitchi. Mtengo wa ana umakhala bii pamene anzawo akuwala, ndipo kumene anthu amavotera mtengo wowasangalatsa poponya makobidi m'ndowa, ndowa ya timuyo imapepuka. Dinani taima cha m'ma 1 koloko masana tsiku loyamba, kapena isiyeni n'kusankha kholo limodzi loti lizikayatsa ndi kuzimitsa. Kumbukiraninso kuti mukachotsa mabatire taima imaiwala, imayambira pomwe mwayatsanso.

Za mabatire, gulani a alkaline. Lililonse limapereka mavolti 1.5, atatu n'kukwana 4.5. Otchaja aja amapereka 1.2, ndiye kuwala kumakhala kofooka kuyambira pachiyambi. Matchalitchi akale amiyala amazizira kwambiri usiku, ndipo kuzizira kumafooketsa mabatire msanga, choncho siyani ena atatu m'kathumba kuseri kwa mtengo. Kabokosiko musakakwirire pansi pa nthambi zodzaza zokongoletsa. Kamangireni pa thunthu chakumbuyo, pofikika ndi dzanja.

Pali nyali za waya wopyapyala wa kopa ndi za chingwe chobiriwira. Za kopa zimaoneka bwino koma zimaduka polowera m'kabokosi ana akamakoka. Timu ya ana azaka 8 kapena 9 itenge zobiriwira. Zothwanimathwanima zisiyeni, ikani poyaka mokhazikika kuti mtundu wa jezi ya timu uoneke.

Chinanso chomwe sitingachisiye: pa zokongoletsa lembani manambala a majezi kapena dzina loyamba lokha. Chithunzi cha mwana pamodzi ndi dzina lake lonse chisapachikidwe pamalo polowa aliyense.

Nyalizi n'zoyenera kugula, makamaka mukapeza zokhala ndi batani losiyanitsa taima ndi kuyaka kosalekeza. Yang'anani zimenezo pa paketi musanalipire.