Nyale yakunja siyaka: adapta kapena thiransifoma?

Musanagule chilichonse, tembenuzani nyaleyo muwerenge mphamvu ya magetsi (V) yolembedwa pansi pake. Magetsi athu ndi 230V, pomwe a ku America ndi 120V.

Adapta: yotchipa, ku Malangalanga ku Lilongwe ili mbwee. Imangosintha mano a pulagi, mphamvu siichepetsa. Zambiri zimakhwepa msanga, nyale n'kumaphethira.

Thiransifoma: yodula, yolemera, imafunda ikagwira ntchito. Koma imatsitsadi mphamvu, ndipo imakhalitsa.

Ngati palembedwa 100-240V, kapena nyaleyo ndi ya ku Joni, adapta yakwana. Ikakana, yambani mwaona fyuzi.

Palembedwa 120V basi? Pa adapta babu limangoti phethi, lapsa. Apa mpofunika thiransifoma. Komabe nyale ikakhala wamba, yopanda dimmer (chochepetsera kuwala), ine ndingapite nayo kwa wamagetsi aikepo pulagi yathu ya mano atatu ndi babu la 230V.