Makina opindira matumba ndi nthunzi patatha miyezi khumi

Lachiwiri lapitali elementi yowiritsa madzi m'boyila ya makina anga opindira matumba a malaya inapsa ntchito ili pakati, malaya oyera a sukulu 300 ali mulu patebulo kudikira matumba. Madzulo a tsiku lomwelo mnzanga wa ku Mzuzu, yemwe nayenso amasoka mayunifolomu, ananditumizira uthenga pa WhatsApp: “Achimwene, makina anu opindira matumba aja akuyenda bwanji? Ndikufuna ndiyitanitse anga chaka chisanathe.” Sindinamuyankhe usiku umenewo, chifukwa mmene mtima unalili ndikanamuuza kuti ndalama zakezo akagulire ng'ombe. Makina adzukanso dzulo, mtima watsikako, ndiye ndati ndilembe zonse bwinobwino.

Ndimasoka ku Limbe, tilipo anthu asanu ndi anayi. Ntchito yathu yaikulu ndi malaya a sukulu, a alonda ndi maovololo. Aliyense amene anasokapo malaya ambiri nthawi imodzi akudziwa kuti kathumba ka pachifuwa kamachedwetsa ntchito kuposa kolala. Kusokako sikuvuta ayi. Chimene chimadya nthawi ndi kupinda mphepete zake kuti mbali zonse zifanane, makona akhale akuthwa, thumba lisapendekere. Kale mayi mmodzi ankakhala pa ayironi tsiku lonse ndi kakatoni kodulidwa mofanana ndi thumba, kupinda mbali imodzi, kusita, kutembenuza, kusitanso, zala zikupsa. Osoka atatu ankakhala manja lende kudikira iwowo.

Makinawa amachita zomwezo m'masekondi ochepa. Mumayala kansalu, chikombole cha aluminiyamu chooneka ngati thumba chimatsika n'kukapanikiza, timbale ta m'mbali tokankhidwa ndi mpweya wa kompuresa timapinda mphepete zonse nthawi imodzi, nthunzi imapemerera, kenako mpweya woyamwa umachotsa chinyezi. Nthunziyo ndi imene imafewetsa ulusi wa thonje kuti ugonje, ndipo kuumitsa msanga kuja ndi kumene kumachititsa kuti mzere usafutukuke. Mukadumpha kuumitsa, thumba limatambasuka lisanafike kwa wosoka. Boyila yake ndi ya 6 kW, timayendetsa mphamvu ya nthunzi ili pa 3 bar, pomwe nthunzi imakhala pa madigiri pafupifupi 143. Kompuresa imafuna 6 bar.

Zimene zikugwira bwino sizifuna mawu ambiri. Chopondera sichinavutepo. Wotchi yoyeza masekondi a nthunzi siinasokonekerepo. Kusintha chikombole kuchoka pa thumba la mwana wa sitandade 1 kupita pa la mlonda ndi mabawuti anayi, mphindi zosakwana khumi. Pansalu yosakaniza poliyesita ndi thonje tinaphunzira sabata yoyamba kutsitsa kutentha kwa mbale, chifukwa ikatentha kwambiri nsalu yabuluu imatuluka yonyezimira m'mizere ndipo kunyezimirako sikuchoka ngakhale muchape. Mayi aja ankasita matumba osapitirira 250 patsiku. Lero mayi omwewo amatulutsa oposa 1,500 osatuluka thukuta, ndipo masana amathandiza kudula ulusi. Pamenepa ndilibe dandaulo.

Vuto ndi madzi, ndipo landisautsa kuyambira mwezi wachiwiri.

Makina anafika mu Januwale 2024. Chakumapeto kwa Febuluwale tinayamba kuona timadontho tachikasu, tina tofiirira, pamakona a matumba oyera. Poyamba tinkati ndi mafuta a kompuresa. Ndinagula kasefa ka mpweya, osasintha. Tinati mwina chikombole chada, tinakwecha, osasintha. M'mawa wina ndinaima pamenepo ndekha n'kuponda popanda nsalu, ndipo ndinaona ndi maso anga timabowo ta nthunzi tikulavula madzi ngati tiyi wosatsira mkaka. Pansalu yakuda ya alonda palibe akanadziwa. Pamalaya oyera a mtsikana wa fomu 1, banga limodzi ndiye kuti thumba latayika, ndipo ngati lasokedwa kale ndiye kusomola, kudulanso, kuyambiranso. Sabata imeneyo tinataya matumba oposa 200.

Ndinalembera wogulitsa, bambo wa ku Johannesburg amene amayitanitsa makinawa ku China n'kumagulitsa m'maiko athu ano. Pogula paja foni ankayankha isanalire kawiri. Ulendo uno panapita masiku anayi, yankho lake mzere umodzi: vuto ndi madzi anu, chitsimikizo chathu sichikhudza zimenezo. Ndinakwiya kwambiri, chifukwa nthawi yonse imene tinkakambirana mtengo sanandifunsepo kuti madzi timatunga kuti. Kabuku kamene kanabwera ndi makina n'ka Chitchaina, masamba awiri okha ndiwo a Chingerezi chothyokathyoka, ndipo za madzi palibe liwu ngakhale limodzi.

Chowawa n'chakuti ankanena zoona, kungoti ananena theka. Theka linalo ndinalimva kwa agogo ena opuma ntchito, amene anagwira zaka zambiri pa maboyila a fakitale ya tiyi ku Thyolo. Mlamu wanga ndiye anabwera nawo. Sanayang'ane n'komwe makina opindirawo. Anapita molunjika ku boyila, anagwada, anagwira kampopi kali pansi pake n'kundifunsa kuti, “Mwanawe, aka unakatsegula liti?” Ndinati sindinakatsegulepo, sindinkadziwa n'komwe ntchito yake. Anapukusa mutu. Anadikira kuti mphamvu ya nthunzi itsike mpaka kutsala pang'ono, anakatsegula, ndipo chimene chinatuluka m'chidebe chinali phala lofiira losakanikirana ndi timiyala toyera ngati zikamba za dzira.

Anandifotokozera motere. Kumpopi kukauma, zimene zimachitika kawirikawiri kuno, ife timatunga pamjigo wa kuseri kwa shopu. Madzi a pansi amatenga laimu m'miyala. Mukawawiritsa, nthunzi imachoka yoyera koma laimu amatsala, n'kumamatirira ku elementi ndi m'makoma a boyila, monga mmene ketulo imachitira mkati. Tsiku lililonse mukuthira madzi ena, laimu akuchulukirachulukira, madzi otsalawo akukhuthala, amayamba kuchita thovu powira, ndipo thovulo limakwera limodzi ndi nthunzi litanyamula dzimbiri. Ndilo banga lija. Mankhwala ake oyamba ndi aulere: kutsegula kampopi ka pansi tsiku lililonse poweruka kuti zinyalala zituluke zisanaume. Achiwiri ndi kutsuka mkati ndi asidi wofooka, wa ndimu uja amagulitsidwa ngati ufa, kapena viniga ngati palibe china, kenako kutsukuluza kangapo.

Anaonanso chinthu china chimene ine ndi wogulitsa tonse sitinachiganizire. Payipi yochoka ku boyila kupita ku makina ndinaiika yaitali mamita asanu, yosakutidwa, ndipo pakati inali yolendewera. Nthunzi ikamadutsa m'payipi yozizira imasanduka madzi, madziwo amadikha pamalo polendewera paja, ndiye mukaponda koyamba amatuluka onse nthawi imodzi. Tinasendeza boyila kufupi, tinadula payipi kutsala mamita awiri, tinaikweza kuti madzi azibwerera kumene achokera, tinaikulunga ndi chokutira. Agogowo anakana ndalama, anangoti ndiwasokere malaya awiri a kutchalitchi. Ndinawasokera atatu.

Asanachoke analoza kudenga n'kunena kuti madzi abwino kwambiri a boyila akugwa pamalata anga omwe ndipo ndikuwasiya apite m'ngalande. Madzi a mvula alibe laimu. Unali mwezi wa Malichi, mvula ikadagwa. Ndinaika ngalande ya malata ndi migolo inayi ya malita 200, tikumasiya mvula yoyamba itsuke fumbi, otsalawo tikumasefa ndi nsalu. Kuyambira pamenepo mpaka mu Juni makinawa anali ngati ena. Palibe banga, palibe kulavula, ngakhale m'mawa wa chiperoni pamene zitsulo zimazizira ngati zatuluka m'firiji. Mnzanga wa ku Mzuzu akanandifunsa mwezi umenewo ndikanamuuza kuti agule awiri.

Koma kalendala yathu ndi yokhota. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, ndiye ntchito ya mayunifolomu imafika pachimake mu Ogasiti, mvula itasiya kalekale. Migolo yanga inauma mkati mwa Julayi. Ndinayesa madzi a batire ogula m'mabotolo, ndinawerengera mtengo wake pa sabata, ndinaona kuti phindu la matumba lithera momwemo. Tinabwerera kumjigo. Ndipo pano ndivomere mbali yanga: masiku amene tinkaweruka 9 koloko usiku, aliyense atatopa, kampopi ka pansi kaja sitinkakatsegula tsiku lililonse, ndipo kutsuka ndi asidi ndinkangoti tidzachita oda iyi ikatha. Laimu akakuta elementi amakhala ngati bulangete, kutentha sikutuluka kupita m'madzi, waya wa mkati amatentha mopitirira mpaka kuduka. Titaisolola Lachiwiri lija inali yonenepa ndi laimu, yong'ambika mbali imodzi.

Tsopano za ndalama, chifukwa m'pamene mtima wanga umasinthasintha. Mtengo wa makina, boyila ndi zikombole zitatu unali madola 3,600. Theka ndinalipira mu Okutobala 2023, dola ili pa K1,180 kubanki. Theka linalo linali loti ndilipire katundu asananyamuke. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inafika pa K1,700, ndipo madola 1,800 omwewo anandidyera pafupifupi K940,000 yowonjezera, osawerengera masabata amene ndinayenda kubanki kusaka madolawo. Imeneyo si mlandu wa wogulitsa, koma nditamupempha kuti andichotsereko pang'ono kapena andipatse chikombole chimodzi chaulere anakana. Kenako thiraki kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, msonkho pachipata, ndi katswiri wa magetsi wodzakoka waya wina wokhuthala. Mayunitsi nawo amathamanga: elementi ikayaka ola lathunthu ndi mayunitsi asanu ndi limodzi, ndiye tinaphunzira kusonkhanitsa matumba a masiku awiri n'kuyatsa boyila kamodzi m'malo moisiya ikuwira tsiku lonse. Magetsi akazima, jenereta yanga ya 5 kVA imayendetsa makina osokera koma boyila siingaikwanitse, ndiye ayironi ya makala ikadali pashelefu ndipo mayi aja sanaiwale kakatoni kawo.

Ngakhale zili choncho, oda ya masukulu awiri imene ndinaikana chaka chatha chifukwa choopa kuchedwa, chaka chino ndinailandira ndipo ndinapereka tsiku lisanakwane. Mphunzitsi wamkulu wina anayala malaya khumi patebulo n'kunena kuti matumba ake akufanana ngati a m'sitolo. Ndikawerengera mofatsa, makinawa abweza pafupifupi theka la ndalama zake m'miyezi khumi. Pakanapanda kugwa kwa kwacha ndi matumba otayika aja, bwenzi ndikuyandikira kumaliza.

Elementi itapsa ndinalemberanso wogulitsa, ndili wokonzeka kukangana. Chitsimikizo chinali cha miyezi isanu ndi umodzi, chinatha kale. Anandidabwitsa: anayankha tsiku lomwelo, anati ali nayo, atumiza pa basi ya Lachinayi. Inafikadi Loweruka ku Blantyre. Koma mtengo anaika wokwera kawiri poyerekeza ndi umene ndinaona kwa ena pa intaneti, ndipo ndalama ya basi ndinalipira ndekha. Mazinga omangira elementi yake si ofanana ndi a ma elementi a giza amene amapezeka m'masitolo a zitsulo kuno, ndinayesa masitolo asanu ku Limbe ndi m'tauni, ndiye ndilibe kolowera kwina. Iye akudziwa zimenezo. Nditamufunsa chifukwa chake sauza makasitomala ake za kampopi ka pansi ndi za madzi a mjigo, anati aliyense wogula boyila amayenera kudziwa kale. Ine ndine telala. Mawu awiri okha pa tsiku logula akanandipulumutsira matumba 200 ndi mwezi wathunthu wosagona tulo.

Ndiye achimwene a ku Mzuzu, yankho langa ndi ili. Ngati mumasoka malaya osakwana 500 pamwezi, khalani ndi ayironi yanu, makinawa sangabweze ndalama. Ngati mumapitirira pamenepo, gulani, koma musanatumize ndalama wiritsani madzi a pashopu panu m'ketulo yatsopano kwa sabata imodzi muone mkati mwake. Lipirani zonse nthawi imodzi ngati mungathe, musasiye theka likulendewera pa dola. Muuzeni wogulitsa aike m'bokosi momwemo elementi yachiwiri ndi valavu ya nthunzi yapadera, mtengo mugwirizane asanalandire ndalama zanu, chifukwa akalandira mawu ake amasintha. Kwanuko mvula imagwa nthawi yaitali kuposa kuno, ndiye mwina migolo ingakukwanireni. Ine ndapereka kale ndalama yoyamba ya thanki ya malita 5,000 kuti iime mvula ya Novembala isanayambe, ndipo kutsegula kampopi ka pansi ndalemba pakhoma ndi choko, pamwamba pa swichi yozimitsira magetsi. Kwa bambo wa ku Johannesburg uja ndidzagulako elementi chifukwa ndilibe kuchitira mwina, koma makina omatira makolala amene ndikufuna chaka chamawa ndikawasaka kwa wina.