Maphunziro ojambula zithunzi pa situdiyo ina ku Limbe: K60,000 yanga inayenda bwanji

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa kuti maphunziro aja ndimapita Loweruka lililonse mwezi watha anali bwanji, nde ndati ndingolemba kamodzi ndisamangobwerezabwereza. Dzina la situdiyoyo sinditchula chifukwa pali zina ndidandaule pansipa ndipo bambo mwini situdiyoyo, amene amatiphunzitsa, ndi munthu wabwino sindikufuna kuwaonongera bizinesi, amene mukufunitsitsa mundipeze kumbali. Ili ku Limbe pamwamba pa shopu ina, mumakwera masitepe opanikiza amdima bii, mukafika pamwamba muona nsalu ya buluu ili lende pakhoma ndi mpando umodzi wa pulasitiki womwe anthu amakhalira akamajambulitsa za pasipoti.

Mtengo unali K60,000 pa ma Loweruka anayi, 9 koloko mpaka 1 koloko. Tinalipo anthu 7. Ine ndinapita ndi kamera ya kaunjika imene mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Joni, cholinga changa chinali chimodzi basi, ndidziwe mabataniwa ndiyambe kujambula ma bridal shower ndi zinkhoswe ndizipezako ya ndiwo. Papepala lawo analemba kuti "tidzaphunzira ntchito za akatswiri ojambula komanso nkhani za banja m'masewero amakono", ine ndinangoti aaa izi nzokometsera chabe kuti mtengo uoneke woyenera.

Tsiku loyamba kamera sitinaigwire nkomwe. Bamboyo anatseka makatani, nkuyatsa pulojekita, pakhoma pakubwera chithunzi cha mayi wagona chammbali atatsamira chigongono, diresi yamaluwamaluwa, kumbuyo kwake nsalu nayonso yamaluwa moti poyamba maso amasokonezeka kuti munthu wathera pati nsalu yayambira pati. Akuti uyu ndi Seydou Keïta wa ku Bamako, dziko la Mali, anatsegula situdiyo yake mu 1948. Amajambulira panja pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa dzuwa, nsalu yake yoyamba yakumbuyo inali yoyala pabedi pake, ndipo amasunga wailesi, wotchi, magalasi ngakhale njinga yamoto ya Vespa zoti kasitomala abwereke ajambulitse nazo ngati zake. Chinandigwira mtima nchakuti kawirikawiri amajambula kamodzi kokha pa munthu mmodzi chifukwa filimu inali yodula. Kamodzi! Ife pafoni timawombera 40 nkusankhapo chimodzi, chimenechonso tikuchipaka ma filter. Bamboyo anatiuza kuti tisayang'ane nkhope, tiyang'ane manja, ndipo zoonadi pa zithunzi za mabanja dzanja la bambo lili paphewa la ndani, mwana wagwira chitenje cha ndani, mkazi uyu wayandikira uyo wakhala patali pang'ono, nkhani yonse ya pakhomopo ili mmenemo.

Apa mpamene ndinakumbukira chithunzi cha agogo anga aamuna chili m'chikwama cha amayi, anajambulitsa ali ku migodi nthawi ya Wenela, avala suti, dzanja lili pa wailesi yaikulu. Moyo wanga wonse ndimadziwa kuti wailesiyo inali yawo. Nditafunsa amayi madzulo ake anaseka mpaka misozi, akuti wailesi imeneyo sinafikeko kumudzi, ngakhale sutiyo sitinaione. Kkkk agogo anatipusitsa zaka zonsezi.

Loweruka lachiwiri ndi limene ndingati ndalama yanga inagwira ntchito. Tinayamba ndi Malick Sidibé, wa ku Bamako komweko koma iye amazungulira m'madansi a achinyamata usiku ndi fulashi yake. Pali chithunzi chake cha 1963, mnyamata wavala suti yoyera ndi mtsikana wopanda nsapato akuvina mitu itagundana pang'ono, aliyense m'kalasimo anati awa ndi chibwenzi, mpaka mnyamata wina anati apa zinthu zafika kale patali. Bamboyo anangomwetulira nkuti ndi munthu ndi mlongo wake, akumuphunzitsa kuvina. Tonse tinangoti kakasi, ndipo ukachiyang'ananso kachiwiri umaonadi kuti palibe manyazi aja a anthu ofunana, onse maso ali kumapazi. Sidibé yemweyu mu 2007 anapatsidwa mphoto yaikulu ya zaluso yotchedwa Golden Lion ku Venice, dziko la Italy, munthu wa situdiyo yapakona ngati yomwe tinakhalamoyi.

Kenako anatiikira cha Dorothea Lange cha 1936, mayi wa zaka 32 pa msasa wa anthu othyola nsawawa ku Nipomo, California, nthawi imene chuma cha America chinagwa. Dzanja lili pachibwano, ana awiri abisa nkhope m'mapewa mwake, khanda lili pamiyendo. Chithunzichi chinazungulira dziko lonse koma dzina la mayiyo, Florence Owens Thompson, linadziwika patapita zaka zoposa 40, ndipo iye sanapezepo ndalama. Apa kalasi inatentha. Mayi wina amene amagwira ntchito kumudzi anati izi nzimene timaziona, galimoto yafika, ajambula ana a mamina m'mphuno, yapita, mwini mwana sakudziwa kuti nkhope ya mwana wake ili pa kalendala kunja. Wina anati koma popanda chithunzicho boma likanadziwa bwanji kuti anthu akufa ndi njala. Tinakangana pafupifupi mphindi 30 ndipo ndinawakonda bamboyo chifukwa sanatidule, anangonena kumapeto kuti iwo pa situdiyo pawo sapachika chithunzi cha kasitomala pawindo asanamupemphe. Ndinasuzumira pawindopo potuluka, kaya onse aja anapemphedwadi kaya, koma poti anena tiwakhulupirire.

Amene ndinamukonda kuposa onse ndi Carrie Mae Weems wa ku America. Mu 1990 anajambula zithunzi zambirimbiri pa tebulo limodzi la kukhitchini, getsi limodzi lolendewera pamwamba, kamera osaisuntha, iye mwini ali momwemo. Apa ali ndi mwamuna akusewera makadi, apa mwamunayo wakwirira nkhope mu nyuzipepala iye akungoyang'ana kumbali, apa ali ndi kamtsikana aliyense ndi kagalasi kake akupaka lipisitiki, apa watsala yekha. Zonsezo nzokonza ngati sewero koma ukamaziona umachita ngati ukusuzumira pawindo la aneba. Ine ndinaona banja la achemwali anga lonse pa tebulo limenelo, sindinena zambiri.

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo ndithu.

Gawo la masewero lija analiika Loweruka lachitatu, ndipo tsiku limenelo bamboyo anafika 10:20 akuti amajambula ukwati wa kwa DC. Chabwino, nawonso akusaka. Koma ife tinalipira 9 koloko. Titangoyamba magetsi anazima, jenereta palibe, laputopu yawo batire inafa kalekale imangodalira waya, nde vidiyo ya sewero imene anatilonjeza sitinaione mpaka lero, akuti atitumizira pa WhatsApp, ndikudikirabe. Tinangogawana mapepala a fotokope ofufutika, atatu anthu 7, m'Chingerezi chokhachokha, anthu awiri m'kalasimo Chingerezi chimawavuta ndipo anangokhala duu mpaka ine ndinayamba kuwamasulira chonong'ona.

Chondipweteka nchakuti sewero lomwe anasankhalo ndi labwino zedi, limayenera tsiku lathunthu. Ndi Sizwe Banzi Is Dead la ku South Africa, la 1972, analipanga Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona, ndipo limayambira mu situdiyo yojambula zithunzi ku New Brighton, Port Elizabeth. Mwini situdiyo, Styles, anasiya ntchito ku fakitale ya galimoto nkuyamba kujambula, ndipo amafotokoza za banja lalikulu limene linabwera tsiku lina kudzajambulitsa, agogo pakati, ana ndi zidzukulu mbali zonse, iye thukuta kamukamu kuwakonza kuti onse akwane ndi kumwetulira. Pobwera kudzatenga zithunzizo mwana wa agogowo akunena kuti madala aja anamwalira osachiona. Kenako kukubwera bambo wina wavala suti yatsopano akufuna chithunzi chotumiza kwa mkazi wake ku King William's Town, koma dzina limene akutchula si lake, watenga chiphaso cha munthu wakufa kuti apeze ntchito adyetse ana ake, dzina lake lenileni walikwirira. Inu amene muli ndi abale ku Joni mukudziwa kuti nkhani ya mapepala ndi maina obwereka sinathe ndi apartheid, ndipo zithunzi zija amatitumizira ataima pambali pa galimoto ya abwana ndi zomwezija za wailesi ya agogo. Zonsezi tinazithamangira mu ola limodzi, nditangoyamba kumva kukoma akuti nthawi yatha kukubwera kasitomala.

Sewero lina limene analilemba papepala, A Raisin in the Sun la Lorraine Hansberry la 1959, anangotifotokozera pakamwa mphindi 10, kuti bambo wamwalira ku Chicago wasiya inshulansi ya $10,000, mayi akufuna nyumba, mwana wamwamuna akufuna ayambire bizinesi ya mowa, wamkazi akufuna fizi ya udokotala. Ndinawauza kuti bambo, apa mwangotinunkhiza, imeneyi ndi nkhani ya chuma cha masiye yeniyeni, bwenzi mutatipatsa tiisewere m'Chichewa ngati mmene timamvera Sewero la Sabata Ino pa wailesi. Anavomera kuti ndanena zoona. Komanso ndinadabwa kuti pa ma Loweruka onsewo sanatchuleko sewero la kuno ngakhale limodzi, pamene anthu anakulira masewero a Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata, a Kwathu, ngakhale Tikuferanji yomweyi nkhani zake zambiri ndi za m'banja. Wojambula wa ku Malawi nayenso sanatchulidwe olo mmodzi.

Za mabatani zija ndinapitira tinazichita Loweruka lomaliza lokha, ndipo kamera ya situdiyo ndi imodzi, amene alibe yawo amadikirana ngati pa mjigo. Ngati cholinga chanu nkudziwa ISO ndi shutter basi, musataye ndalama, gulani bandulo muonere pa YouTube. Satifiketi akuti ikusindikizidwa, papita masabata atatu.

Koma homuweki yomwe anatipatsa ndi imene yandipangitsa kuti ndisawakwiyire. Anati aliyense akajambule banja lake, chithunzi chimodzi chokha ngati Keïta, osawauza anthu pokhala, ungoika mpando umodzi pakati nkuona chimene chichitike. Zinangokumanizana kuti kwathu ku Chiradzulu timamanga chiliza cha agogo aja, abale onse analipo. Ndinamangirira chitenje cha amayi pakati pa mtengo wa mango ndi nkhokwe, cha m'ma 4 koloko dzuwa litafewa, nkuika mpando wa ndalema pakati.

Amalume aakulu, eni mbumba, anangolunjika pampandopo osafunsa munthu, chipewa pabondo. Agogo aakazi anali akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, atafika anangoima nkuwayang'ana. Palibe analankhula. Amalume anakhosomola, nkudzuka, "Khalani apa amayi, ine ndimangoona ngati ndi wolimba." Anthu kuseka chobisa. Kenako nkhani inali ya mayi aang'ono, mkazi wachiwiri wa amalumewo, amene azakhali ena salankhulana nawo chiyambire maliro. Anaima patali kumapeto atanyamula mwana, theka la thupi lili kunja kwa chitenje. Ndinati, "Mayi aang'ono, tasunthirani kuno pang'ono mukudukatu." Iwo, "Ayi mwanangu, pompano pali bwino." Kale ndikanakakamira, mwinanso kuwakoka dzanja kuti chithunzi chikongole. Koma ndinakumbukira manja aja a ku Bamako, ndinangobwerera m'mbuyo masitepe awiri kuti alowe mmene aimiramo, mpata wawo uli pomwepo. Nditangoti ndidine, kamwana ka azakhali aja kanathamanga nkukagwira chitenje cha mayi aang'onowo chifukwa ndi amene amakapatsa zitumbuwa. Ndinadina pomwepo.

Nditapita nacho bamboyo anachiyang'ana nthawi yaitali, nkuloza kadzanja ka mwanayo osanena kanthu, kenako anandiuza kuti kumwamba ndasiya mpata waukulu ndipo phazi la amalume ndalidula. Zoona ndinalidula. Ananditsukira pa pepala lalikulu ulere, mwina popepesa za vidiyo ija, ndipo kutsuka amatha, zakuda zimatuluka zakudadi osati zotuwa zija za m'mashopu ena.

Nde mukandifunsa ngati mupite, ndinena kuti pitani ngati muli ndi kamera yanu kapena foni yabwino ndipo mukufuna kuphunzira kuona, koma mugwirizane nawo poyamba kuti tsiku limene achedwe kapena magetsi azime adzabweza maola ake, ndipo mulipire theka kaye. Nyamulani madzi ndi kachakudya, pamenepo palibe olo tiyi. Pa 10 ndikuwapatsa 7, atatuwo ndawachotsera gawo la masewero.

Chithunzi chija chili pabalaza kwa amayi. Azakhali atabwera sabata yatha anachiyang'anitsitsa nkufunsa ngati makina a ku Limbeko sangathe kudulako kumapetoko pang'ono, ndinawauza kuti akadula adula ndi mwana wawo yemwe.